Sikelo ya kumudzi imadya ndalama zingati? Thandizeni kawerengedwe

NaMbewe_CHN:

Moni nonse. Funso langa likupita makamaka kwa inu amene mumagwira za bajeti. Pa chipatala chathu chaching'ono timayendetsa masikelo a kumudzi kamodzi pamwezi malo aliwonse. Ndalama za ORT, zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zachepa, ndiye a DHMT, oyang'anira zaumoyo m'boma lathu, akufuna pepala losonyeza ndalama zimene sikelo iliyonse imadya, kuti aone yoti iyambe yaima. Amene akukambidwa ndi awiri: ina ili pa mtunda wa makilomita 6, ina pa makilomita 20. Ambiri akuloza yakutaliyo chifukwa ndi imene imamwa mafuta.

Zimene sindikumvetsa ndi izi. Kodi malipiro a namwino ndi ma HSA, alangizi a zaumoyo a m'midzi, ndiwaike? Nanga katemera, poti sitigula ndife? Njinga yamoto nayo tinachita kupatsidwa ndi bungwe. Komanso ndikaphatikiza zonse, ndigawe ndi chiyani: masiku amene tapita, anthu amene abwera, kapena ana amene abayidwa?

Wa_ku_Akaunti:

A Sisita, musanagwire kalikyuleta lembani kaye pamwamba pa pepala funso limene mukuyankha, chifukwa ndi limene likuuzeni zoika ndi zosiya. Mafunso ake alipo awiri ndipo anthu amawasokoneza kawirikawiri. Loyamba: tikaimitsa sikelo iyi, ndi ndalama zingati zimene zitsale m'thumba la chipatala? Lachiwiri: ntchito imeneyi imadya chuma chochuluka bwanji, posatengera amene walipira? A zachuma loyambalo amalitcha incremental financial cost, lachiwirilo economic cost. A DHMT akufunsa loyamba. Koma konzani onse awiri, m'mizere iwiri yoyandikana, chifukwa tsiku limene bungwe lidzafunse mtengo wotsegulira sikelo yatsopano lidzafuna lachiwirilo.

Kawerengedwe kake n'kosavuta: chinthu chilichonse chikhale ndi mzere wakewake. Mu Excel kapena m'kope wamba, pangani madanga asanu ndi awiri: dzina la chinthu, muyeso wake, kuchuluka kwake pa ulendo umodzi, mtengo wa chimodzi, zonse pamodzi, amene amalipira, ndi kumene mwatenga nambalayo. Danga lomalizali anthu amalinyozera, koma ndi limene limakupulumutsani wina akafunsa pa msonkhano kuti nambala iyi yachokera kuti.

Ndiike manambala ongoyerekeza kuti muone njira, inu muchotsemo n'kuika anu enieni.

Mafuta. Musalembe malita amene munapatsidwa, lembani amene ulendowo umadya. Tengani log book ya njinga, onani makilomita a miyezi itatu ndi malita amene anathiridwa m'miyezi yomweyo, mugawe. Tinene kuti yapezeka kuti njinga imayenda makilomita 25 pa lita, ndipo lita ndi K4,000. Sikelo yapafupi kupita ndi kubwera ndi makilomita 12, ndiye malita 0.48, K1,920. Yakutali ndi makilomita 40, malita 1.6, K6,400. Mtengo wa lita mutenge umene MERA inalengeza pa nthawi imene mukuwerengerayo.

Kukonzetsa njinga. Oyilo, matayala, tcheni, mapulagi, mabuleki. Phatikizani zonse za chaka chathunthu n'kugawa ndi makilomita a chaka chonse. Ngati zinakwana K600,000 ndipo njinga inayenda makilomita 6,000, ndiye K100 pa kilomita. Yapafupi K1,200, yakutali K4,000. Apa ambiri amalakwitsa pogawa ndalama zokonzetsera mofanana kwa masikelo onse, pamene njinga yomweyo imakatenganso mankhwala ku boma, imapititsa malipoti, imayendera odwala TB. Kugawa ndi makilomita kumathetsa mkangano umenewo.

Alawansi ya nkhomaliro. Anthu atatu, namwino mmodzi ndi ma HSA awiri, tinene K6,000 aliyense, K18,000. Imeneyi ndi yofanana kaya mwapita pafupi kaya patali.

Tinthu ting'onoting'ono: thonje, magolovesi, sopo, mapepala a tally sheet, mayunitsi oimbira mfumu kapena volontiya. Tinene K2,000.

Mukaphatikiza, ulendo umodzi wa sikelo yapafupi ndi K23,120, wa yakutali ndi K30,400. Pa chaka, maulendo 12, ndi K277,440 ndi K364,800. Taonani chinthu chimodzi: mafuta amene aliyense akuwadandaula si amene akulemera kwambiri. Alawansi ndi imene yatenga gawo lalikulu pa masikelo onse awiri, ndipo kusiyana kwa awiriwa pa ulendo ndi K7,280 yokha.

Tsopano malipiro. Mu mzere woyamba musawaike, chifukwa sikelo ikaima namwino alandirabe malipiro ake kumapeto kwa mwezi. Palibe tambala imene ipulumuke. Mu mzere wachiwiri aikeni, chifukwa tsiku limene namwino ali kumudzi sali ku sikelo ya amayi oyembekezera kapena ku chipinda cha kulera. Tengani malipiro a mwezi asanadulidwe msonkho, mugawe ndi masiku 22 ogwira ntchito. Namwino wa K500,000 ndi ma HSA awiri a K300,000 aliyense akukwana K1,100,000, pa tsiku ndi K50,000. Ndipo tsikulo muliwerenge kuyambira pamene mukulongedza katemera m'mawa mpaka pamene mwabweza zotsala mu furiji ndi kulemba lipoti, osati maola okhawo amene mwakhala pansi pa mtengo.

Njinga, furiji, cold box, sikelo yoyezera ana, zonse zimene zimakhala kupitirira chaka, sizilembedwa mtengo wake wonse m'chaka chimodzi. Zimagawidwa pa zaka zimene chinthucho chimagwira ntchito. Njira yachidule ndi kugawa mtengo ndi zaka: njinga ya K9,000,000 pa zaka 5 ndi K1,800,000 pachaka. Njira imene a zachuma amaifuna imawerengeranso kuti ndalama yomangika m'njingayo ikanatha kugwira ntchito ina, ndipo pa ntchito zaumoyo amakonda kugwiritsa 3 peresenti. Pa 3 peresenti, chinthu cha zaka 5 mumagawa ndi 4.58, cha zaka 10 monga furiji ya sola mumagawa ndi 8.53. Njinga ija ikhala pafupifupi K1,965,000 pachaka, kapena K328 pa kilomita. Ulendo wa makilomita 40 watenga K13,100, wa makilomita 12 watenga K3,900 ndi kakobiri pamwamba. Izinso ndi za mzere wachiwiri.

EPI_Focal:

A ku akaunti afotokoza bwino za pamwamba pa mzere wogawira. Ine ndikambe za pansi pake, chifukwa ndi pamene nkhani ya masikelo awiriwa ingatembenuke.

Kugawa ndi masiku amene mwapita kumangokuuzani kuti kutali n'kodula, zimene aliyense akudziwa kale. Kugawa ndi anthu onse amene abwera nakonso kumanamiza, chifukwa mwana mmodzi amene wabwera kudzayezedwa kulemera maulendo khumi awerengedwa kakhumi. Gawani ndi chimene pulogalamu ikufuna: ana amene amaliza katemera asanakwane chaka. Ngati kaundula wanu salola kutsata mwana aliyense, gwiritsani Penta 3, jakisoni wachitatu wa katemera woteteza ku matenda asanu, kapena katemera woyamba wa chikuku ndi rubella, wa pa miyezi 9 uja, poti mwana aliyense amalandira kamodzi ndipo sangabwerezedwe powerenga.

Tipitirize ndi manambala oyerekeza aja. Tinene kuti sikelo yapafupi yamalizitsa ana 30 pachaka, yakutali 76. Yapafupi: K277,440 kugawa ndi 30 ndi K9,248 pa mwana. Yakutali: K364,800 kugawa ndi 76 ndi K4,800 pa mwana. Imene imaoneka yodula ija yapezeka ili pafupifupi theka la inzake.

Pali sitepe ina imene ambiri safikapo. Funsani kuti: sikelo ikaima, ndi ana angati amene sadzabayidwa n'komwe? Mayi wa pa makilomita 6 akhoza kubereka mwana kumbuyo n'kufika ku chipatala. Wa pa makilomita 20, wodutsa mtsinje umene umadzaza mu Januwale ndi Febuluwale, safika. Ngati mwa ana 30 apafupi aja 20 akanabwerabe ku chipatala, sikeloyo ikupulumutsa ana 10 okha, ndiye K27,744 pa mwana. Ngati mwa 76 akutali aja 6 okha ndi amene akanafika, ikupulumutsa 70, ndiye K5,211 pa mwana. Nambala imeneyi simungoilota. Tsegulani kaundula wa sikelo ya pa chipatala, onani danga la mudzi, muwerenge ana a m'midzi ya mbali iliyonse amene anabwera m'miyezi imene sikelo ya kumudzi inalephereka. Ma HSA a m'deralo amawadziwanso ana awo ndi maina, kudzera mu village health register.

Za katemera. Zoona, chipatala sichigula. Wambiri amabwera ndi thandizo la Gavi, bungwe la padziko lonse lothandiza pa katemera, boma limaikapo gawo lake, ndipo amagulidwa kudzera ku UNICEF. Choncho mu mzere woyamba ndi ziro, mu wachiwiri ali ndi mtengo. Koma muwerenge madozi amene atuluka mu furiji n'kutha, osati amene alowa m'thupi la mwana. BCG, katemera wa TB, imabwera m'botolo la madozi 20, wa chikuku ndi rubella nthawi zambiri madozi 10, ndipo onse awiriwa akasungunulidwa amatayidwa pakatha maola 6 kapena sikelo ikatha, chimene chayamba kufika. Mukatsegula botolo la madozi 10 n'kubaya ana atatu, mwataya 70 peresenti. Kuti mupeze madozi enieni, gawani 100 ndi 100 yochotsera peresenti yotayikayo: 100 kugawa ndi 30 ndi 3.33, kutanthauza kuti mwana aliyense wadya madozi opitirira atatu. Pa 50 peresenti ndi madozi awiri, pa 25 peresenti ndi 1.33. Masikelo a ana ochepa amataya kwambiri, ndiye apanso yapafupi ija ndi imene ikwere mtengo. Jakisoni wobayira, wosungunulira ndi safety box muziwerengenso, safety box imodzi ya malita 5 imalowa majakisoni pafupifupi 100.

Chenjezo apa: nambala ya kutayikayi isakhale chifukwa chobwezera mayi kuti ana ndi ochepa, abwere mwezi wamawa. Lamulo la pulogalamu n'lakuti botolo litsegulidwe ngakhale mwana ali mmodzi. Mwana wobwezedwa kawirikawiri sabweranso, ndipo dozi yotayika ndi yotchipa kuposa bedi la mwana wa chikuku. Chimene nambalayi ikuthandizeni ndi kukonza masiku ndi kuitana anthu bwino, osati kuumira botolo.

Furiji ya pa chipatala musaiike pa ndalama zopulumuka. Sikelo ya kumudzi ikaima, furiji siizima. Mu mzere wachiwiri mupatse sikelo iliyonse gawo lake potengera madozi: ngati sikeloyo inatenga madozi 12 mwa 100 alionse otuluka mu furijiyo, itenge 12 peresenti ya mtengo wake wa pachaka.

Muonenso kusiya panjira: Penta 1 kuchotsa Penta 3, kugawa ndi Penta 1, kuchulukitsa ndi 100. Kukapitirira 10 peresenti pali vuto, ndipo mwana aliyense wosiya panjira wadya mafuta ndi madozi koma sakulowa m'gulu la omaliza.

Mayi_wa_Kulera:

Ndikugwirizana ndi zambiri, koma a EPI, inu a za katemera, mwaunjika mtengo wonse wa ulendo pa katemera ngati kuti ku sikeloko kulibe china. Patsiku lomwelo pamakhala kulera, kuyeza kulemera, MUAC (kuyeza kukula kwa mkono wa mwana), vitamini A, mankhwala a njoka zam'mimba, kwina ndi amayi oyembekezera. Mtengo wonse ukagawidwa ndi ana a katemera okha, katemera aoneka wodula kuposa mmene alili, ndipo kulera kuoneka ngati kwaulere.

Kagawidwe kake ndi nthawi. Pa maulendo awiri kapena atatu, wina akhale ndi wotchi n'kulemba maola amene wogwira ntchito aliyense wathera pa ntchito iliyonse. Ngati zapezeka kuti theka la nthawi ndi katemera, gawo limodzi mwa magawo anayi ndi kulera, lotsalalo ndi kuyeza ndi zina, mafuta ndi alawansi zigawidwe chomwecho. Musafunse anthu kuti akumbukire, amawonjezera nthawi ya ntchito imene imawatopetsa.

Pa kulera musagawe ndi majakisoni obayidwa. Gwiritsani CYP, kutanthauza chaka chimodzi chimene banja latetezedwa. Depo anayi ndi CYP imodzi. Mapaketi 15 a mapilitsi ndi imodzi, makondomu 120 ndi imodzi. Pa zolerera zoika pamkono, Implanon imodzi ndi 2.5, Jadelle ndi 3.8, pamene lupu ya kopa ndi 4.6. Tsiku loika Jadelle limaoneka lodula, pamafunika lignocaine, magolovesi osterilaiza ndi mphindi zambiri, koma mukagawa ndi 3.8 nkhani imasintha. Ingokumbukirani kuikapo mtengo wodzachotsa, umene pafupifupi aliyense amauiwala.

Chinanso, mizere iwiri ija ndi ya chipatala ndi boma. Pali wachitatu, wa mayi. Sikelo ikaima ndalama sizinathe, zangosamukira kwa iye: kabaza kupita ndi kubwera, chakudya cha panjira, ndi tsiku lathunthu losapita kumunda kapena ku ganyu, nthawi ya kupalira imene tsiku limodzi ndi lalikulu. Funsani amayi 20 pa sikelo iliyonse mafunso atatu okha: mwayenda nthawi yaitali bwanji, mwalipira zingati, mukanapita ku chipatala mukanalipira zingati. Tsiku lotayikalo muliike pa mtengo wa ganyu wa tsiku m'deralo. Mwana amafunika maulendo osachepera asanu m'chaka choyamba, pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, ndi pa miyezi 9, ndiye chulukitsani ndi maulendo amenewo. Mzere umenewu musauphatikize ndi enawo, uime pawokha ndi dzina lake.

NaMbewe_CHN:

Zikomo kwambiri nonse, zayamba kuoneka. Mafunso awiri otsala. Njinga inabwera mu 2021 ndipo pa pepala lake pali mtengo wa nthawi imeneyo, ndigwiritse umenewo? Komanso chaka chathachi sikelo yakutali inachitika maulendo 9 okha mwa 12, chifukwa cha mvula ndi kusowa kwa mafuta. Ndichulukitse ndi 9 kapena 12?

Wa_ku_Akaunti:

Mtengo wa 2021 usiyeni, a Sisita. Gwiritsani umene mungagulire njinga yofanana nayo lero, mutenge kotesheni kwa ogulitsa awiri kapena atatu. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mtengo wakalewo ungakupatseni nambala yaing'ono yosagula ngakhale theka la njinga. Lamulo lake n'lakuti mitengo yonse pa pepala ikhale ya chaka chimodzi, ndipo chakacho chilembedwe pamwamba. Kusakaniza malipiro a chaka chino, matayala a chaka chatha ndi furiji ya zaka zisanu zapitazo ndiko kulakwitsa kumene kumapezeka kwambiri. Zinthu zogulidwa ndi madola, monga katemera ndi zolerera, mulembe mtengo wa dola, kenako wa kwacha, ndi kusintha kumene mwagwiritsa. Za mankhwala ndi magolovesi onani mtengo pa ma invoice a Central Medical Stores Trust amene ali ku pharmacy ya ku boma.

Za 9 ndi 12: pofotokoza zimene zinachitika, zonse zikhale zenizeni, maulendo 9 ndi ana amene anamaliza m'maulendo 9 amenewo. Popempha bajeti ya chaka chikubwerachi, gwiritsani 12. Choopsa ndi kutenga mtengo wa maulendo 12 n'kugawa ndi ana a maulendo 9, sikeloyo ioneka yodula popanda chifukwa. Ndipo ngati ulendo unayambika koma munabwerera pa mtsinje, mafuta ndi alawansi zinapita, zilowe, ngakhale kuti palibe mwana anabayidwa.

Miyezi nayonso igwirizane. Chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, pamene malipoti ambiri a pulogalamu anthu amawakoka mu DHIS2, dongosolo la pakompyuta losungira malipoti a zaumoyo, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Kokani mwezi ndi mwezi kuti ndalama ndi ana zikhale za miyezi yomweyo. DHIS2 ikhoza kukupatsani ziwerengero za sikelo ya pa chipatala (static) ndi za kumudzi (outreach), koma sikugawirani sikelo ndi sikelo, ndiye muyenera kubwerera ku ma tally sheet. Mukapeza kuti tally sheet, kaundula ndi lipoti la mwezi zikusiyana, khulupirirani kaundula, poti ndi amene ali ndi dzina la mwana, ndipo lembani pansi pa pepala kuti zinasiyana ndi zingati. Za coverage, peresenti ya ana amene abayidwa, samalani: chiwerengero cha NSO, ofesi ya boma ya kalembera, chochokera pa kalembera wa 2018, ndi chimene ma HSA amawerenga khomo ndi khomo sizifanana nthawi zambiri. Pa ntchito iyi simufunika peresenti, gwiritsani ana enieni.

Onaninso kuwerenga kawiri. Ngati mwagwiritsa mtengo wa pa kilomita umene uli kale ndi mafuta mkati, musaonjezerenso malisiti a mafuta. Ngati bungwe linalipira alawansi miyezi ina, musailembe ku ORT komanso ku bungwe.

Pomaliza yesani manambala anu kuti muone ngati yankho likugwedezeka. Kwezani mafuta kuwirikiza kawiri: yapafupi ikhala K25,040 pa ulendo, yakutali K36,800, pa mwana womaliza K10,016 ndi K5,811. Yakutali ikadali yotchipa. Tsitsani ana akutali ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, akhale 57: K364,800 kugawa ndi 57 ndi K6,400, ikadali pansi pa K9,248. Yankho likapirira chonchi, mungaliimirire pamaso pa DHMT. Likatembenuka ndi kasinthidwe kakang'ono, nenani poyera kuti masikelo awiriwa akufanana ndipo chisankho chidalire zina.

EPI_Focal:

Kuwonjezera pang'ono pa zimene mupite nazo ku msonkhano. Pepala likhale limodzi, tebulo limodzi, masikelo m'madanga, ndipo mizere yake ikhale: mtengo wa ulendo, wa chaka, ana omaliza, mtengo pa mwana, ana amene angatayike sikelo ikaima, CYP, ndi mtengo wa kwa mayi. Masamu onse akhale kumbuyo kwa amene angafune.

Musapite ndi kutseka kapena kusatseka kokha. Werengeraninso njira zapakati, poti alawansi ndi imene ikulemera. Sikelo yapafupi itha kuyendetsedwa ndi ma HSA a m'deralo pa njinga yakapalasa, namwino n'kumapita kamodzi pa miyezi itatu kukaika zolerera za nthawi yaitali. Pa manambala aja, ulendo wopanda namwino ndi njinga yamoto utsika kuchoka pa K23,120 kufika pa K14,000. Kudumphitsa mwezi, kuti muzipita kamodzi pa miyezi iwiri, kumadula ndalama ndi theka pa pepala, koma madozi a Penta amatalikirana masabata anayi, ndiye mwana amene akanamaliza Penta 3 ali ndi miyezi itatu ndi theka amaliza cha m'ma miyezi 6 kapena kupitirira, ndipo osiya panjira amachuluka. Ngati njira imeneyo mwaiika pa tebulo, tsitsaninso chiwerengero cha ana omaliza mu danga lake, musangotsitsa ndalama zokha.